Bureau yomwe ndinagulako madola opitira ku Dubai: nyenyezi zitatu basi

Ndiyambe ndi chigamulo kuti amene muli pa changu musavutike kuwerenga zonsezi: nyenyezi zitatu mwa zisanu. Malowo ndi aukhondo, sanandibere olo tambala, mtsikana wa pa kauntala ndi munthu wabwino kwambiri, koma madola amene ndimafuna sindinawapeze onse, foni yawo sayankha, ndipo mlonda wawo ali ndi geni yakeyake pakhomo pomwepo. Dzina la bureau-yo ndisunga, ili mu Lilongwe momwe muno, chifukwa zina zimene ndidandaule pano ndi matenda a dziko lonse osati awo okha.

Ine ndimagulitsa zovala ndi nsapato za amayi, ndiye ulendowu unali wokaoda ku Dubai. Amene simunayendepo dziwani kuti kwacha yathuyi ukangokwera nayo ndege yasanduka pepala, ku Addis Ababa saidziwa, ku Dubai ndiye kaya, palibe angakusinthireni. Ndalama uyenera kunyamuka nazo kuno zili kale madola. Ndipo osataya nthawi kufunsa ma dirham, ndalama za ku Dubai, ine ndinafunsa mongoyesa, asisi aja anangomwetulira n'kuti mayi tengani dola mukasinthe konko.

Ukalowa, chinthu choyamba kuchiona ndi sikirini ija ya pakhoma, USD, GBP, EUR, ZAR, mbali ina buying mbali ina selling, manambala ofiira owala bwinobwino. Buying ndi mtengo umene iwo akugulireni mukabweretsa dola, selling ndi umene inu mulipire, ndiye wapaulendo diso lako likhale pa selling. Reti yawo inali pamwamba pang'ono pa ya ku banki, zomwe sizachilendo ukamagula kashi. Koma abale sikirini imeneyi ili ngati menyu ya lesitilanti ya pa depoti, palembedwa chambo, nkhuku ya lokolo, nyama ya mbuzi, koma ukaitanitsa akuti zatsala nyemba. Mtengo ulipo, dolayo ndiye palibe.

Ndipo ukaganiza bwino sungawakwiyire kwambiri. Bureau siisindikiza madola, imagulitsa amene yagula kwa anthu. Tsono reti yovomerezeka yakhala ili cha pa K1,751 pa dola imodzi kuchokera mu Malichi 2024, pambuyo poti Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuichotsa pa K1,180 kufika pa K1,700, pamwamba pa 25 peresenti ija ya mu Meyi 2022. Pomwe kunja kuno anyamata oima m'makhonde a mashopu akhala akugula dola yomweyo pa mtengo woposa kawiri. Ndiye tandiuzeni, munthu amene m'bale wake wabwera kuchokera ku Joni kapena ku UK n'kumusiyira ka 200 dola, akapita nako kuti? Ku bureau kumangofika madola a alendo odzaona nyanja, azungu a m'mabungwe amene amafuna lisiti ku ofesi, ndi anthu ochepa oopa malamulo. Amenewo ndiye timalimbirana tonsefe, ageni, opita ku chipatala ku India, makolo a ana a sukulu, azibusa opita ku misonkhano, tonse pa windo limodzi.

Tsiku loyamba yankho linali lomwelo, lero tilibe. Koma apa ndi pamene asisi aja anandisangalatsa. Malo ena ukangomva tilibe nkhani yatha, munthu wabwerera kale pa foni yake. Iwowa anandifunsa kuti mukunyamuka liti mayi, mapepala muli nawo? Anandiuza kuti ndibweretse pasipoti yeniyeni, tikiti ya ndege yolipira kale osati ka booking kongosungitsa mpando, ndi viza, zonse ndi mafotokope ake, n'kulemba dzina langa ndi nambala m'buku mwawo. Anandiuzanso mosabisa kuti ndalama yonse imene ndikufunayo sangaikwanitse, ndiyambiretu kuyang'ananso ku banki yanga. Kunena zoona kumeneku ine ndimakuyamikira kuposa madolawo, chifukwa munthu umadziwa pokonzekera, kusiyana ndi aja amati bwerani mawa, bwerani mawa, mpaka ndege kukusiya.

Ndipo anaimbadi foni. Mmawa wina cha m'ma 9 akuti mayi pabwera kenakake, fulumirani isanakwane 12 chifukwa pa mndandanda muli anthu. Apa pakubwera dandaulo langa loyamba, iwo akafuna kukupeza amakupeza, koma iwe ukafuna kuwapeza, foni ya pa ofesi imangolira mpaka kudula, pa WhatsApp amawerenga n'kukhala chete. Ine ndimachokera kutali ndi tauni, mafuta ake omwewa ovutawa, ndiye kuyenda ulendo wonsewo kukangomva mawu awiri amene akanatha kundilembera pa foni, zimawawa.

Dandaulo lachiwiri ndi kalipiridwe. Amalola kutumiza kudzera ku banki koma dola sakupatsa mpaka ndalamayo ioneke mu akaunti mwawo, ndipo netiweki ikavuta ndiye kuti wakumbuyo kwako amene wanyamula kashi akudutsa. Ndiye ambiri timangobwera ndi kashi. Tangowerengani nokha, pepala lathu lalikulu ndi K5,000, ndiye 1,000 dola yokha, pa reti yovomerezeka yomweyo, ndi mapepala oposa 350. Munthu wamkazi kuyenda ndi chikwama chotupa choncho kuchoka pa banki kukafika pa bureau, mtima umakhala uli m'mwamba. Mkatimo mipando ndi yochepa, nthawi ya lanchi windo limagwira ndi limodzi, ndipo aliyense wa pamzere amaona ndi kumva makina akuwerenga ndalama zako. Kachipinda kapambali kowerengeramo ndalama zambiri kangawathandize, si zodula.

Ndinapeza yochepera theka la imene ndimafuna. Koma mapepala ake anali abwino, ndipo apa ndiye pali nyenyezi ina. Anawerenga pa makina, kenako pamanja ndikuona, n'kuunika lililonse pa kagetsi kaja koonera feki. Anandisankhira ma 100 atsopano aja okhala ndi kalamba ka buluu pakati, amene anayamba kutuluka mu 2013, n'kuchotsa limodzi lomwe linali ndi inki pakona. Ku America komweko dola yakale imagwirabe ntchito, koma malo ambiri osinthira ndalama kunja kwa America amakana kapena kudula mtengo mapepala akale aja a mutu waung'ono, ong'ambika, olembedwalembedwa kapena odindidwa. Ndiye mukamalandira osangowerenga, yang'anani pepala lililonse kutsogolo ndi kumbuyo musanachoke pa windo, mukatuluka pakhomo yakhala yanu. Ndinapemphanso timapepala tating'ono, ma 10 ndi ma 20, tothandizira panjira, anandipatsa tochepa tomwe anali nato osadandaula.

Pamzerepo panali madala ena anabwera ndi mapaundi, ma 20 apepala, akuti mwana wawo anawasiyira kalekale ndiye amasungira tsiku la mavuto. Asisi aja anawakana mwaulemu ndithu, bambo pepani awa sakugwiranso ntchito. Ku UK ma 20 ndi ma 50 paundi apepala anasiya kulandiridwa m'mashopu pa 30 Sepitembala 2022, pano ndi apulasitiki okhaokha, ngakhale Bank of England imasinthabe akalewo. Anawafotokozera kuti awapatsire munthu wopita kumeneko. Madalawo anatuluka atagwa nkhope, zinandimvetsa chisoni. Amene muli ndi makolo osunga ndalama zakunja pansi pa matilesi kawafunseni zimene akusungazo.

Tsopano lisiti. Anandipatsa lodinda bwino, dzina langa, nambala ya pasipoti, kuchuluka kwa madola ndi reti, n'kundiuza kawiri konse kuti mayi ili liyende limodzi ndi ndalamazo, osaliika mu sutukesi yopita pansi pa ndege. Kwa ine lisiti limeneli ndi theka la chimene umagula ku bureau. Nkhani za anthu ogwidwa pa KIA, pa Chileka, pa Mwanza kapena pa Songwe ali ndi ndalama zakunja zopanda mapepala timaziwerenga kawirikawiri, amakutengera ku khoti ndipo ndalamazo zimatha kulandidwa. Munthu wagulitsa katundu chaka chonse, mpamba wonse n'kuthera pa bwalo la ndege.

Ndiye n'chifukwa chake za mlonda zinandinyansa. Tsiku lija anandiuza kuti tilibe, ndikungotuluka chonchi, iye wayamba kunditsatira mpaka pa galimoto, mayi mukufuna zingati, ndili ndi munthu wanga pafupi pomwepa, ndi wokhulupirika. Atavala yunifomu, pakhomo pa bureau yovomerezeka! Sindikunena kuti a mkatimo akudziwa, koma wongoona angaganize kuti n'chimodzi, kuti madola akutulukira kukhomo lakumbuyo, ndipo zimenezi zimaipitsa dzina la anthu amene akugwira ntchito yawo bwino. Komanso ndiye kuti munthu ameneyu akudziwa kuti m'chikwama mwako muli ndalama. Tisanamizane, ageni ambiri amathera kwa anyamata a pamsewu ndipo ine sindiwaweruza, shopu siingakhale yopanda katundu chifukwa banki yati dikirani. Koma mtengo wake ndi umene ukupangitsa kuti nsapato ikwere mwezi ndi mwezi, lisiti kulibe, ndipo akakuphatikizira feki pakati kapena kukupinda pepala powerenga ukadandaula kwa ndani, poti nawenso walakwira lamulo?

Yotsalayo ndinadalira khadi la ku banki. Apa langizo langa n'lakuti pitani nokha ku nthambi yanu musananyamuke, auzeni kuti mukupita kunja ndi masiku ake, alitsegule kuti ligwire ntchito kunja, ndipo funsani malire ake kuti pa tsiku kapena pa mwezi mungagwiritse zingati, chifukwa ndi kusowa kwa forex kumeneku mabanki akhala akuchepetsa malirewo ndipo amasintha. Osangoganiza kuti poti mu akaunti muli makwacha ambiri ndiye kuti khadi lilipira chilichonse. Khadi ndi labwino pa hotela, chakudya ndi kuika ndalama mu Nol card ya metro, koma pokaoda m'timashopu ta ku Deira ndi Naif kashi ndiye amalankhula, ukatulutsa khadi ena amawonjezera kenakake pamwamba. Ndipo kamakina kakakufunsani kuti mulipire mu AED (ndiye dirham imeneyo) kapena mu dola, sankhani AED, reti imene kamakinako kamakupangirani imakhala yodula.

Chabwino cha Dubai n'choti kumeneko mutu suwawa ndi reti. Dirham inamangiriridwa ku dola pa 3.67 kuyambira 1997, siisuntha, ndiye 100 dola yako ukudziwiratu kuti ndi ma dirham pafupifupi 367 kuchotsapo kochepa ka osinthawo. Pa bwalo la ndege sinthani yongokwanira thiransipoti ndi madzi, yambiriyo kasinthireni m'tauni, cha ku Baniyas Square malo osinthira ali mbali zonse ndipo amafuna pasipoti. Madola amene anandisankhira asisi aja onse analandiridwa popanda funso, pomwe mnzanga wina amene tinali naye anamubwezera mapepala ake akale angapo. Amene mumanyamula zambiri dziwaninso kuti ku UAE, dziko limene kuli Dubai, ukalowa ndi kashi yoposa ma dirham 60,000 umayenera kuinena kwa a kasitomu.

Za nyengo nazo ndi zofunika. Misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu, kuyambira cha mu Epulo, madola amaonekako pang'ono m'mabanki. Kumapeto kwa chaka, pamene dziko likulipira feteleza ndi mafuta komanso aliyense akufuna kukaoda za Khirisimasi, ndiye kumakhala kouma zedi. Ngati ulendo wanu ndi wosankha nokha tsiku, ganizirani zimenezo, ndipo mukangogula tikiti tsiku lomwelo kalembetseni dzina, ku bureau ndi ku banki komwe, osadikira sabata yonyamukira.

Ndiye ndingatumizeko munthu? Wopita ku msonkhano, kokaona abale kapena ku tchuthi amene akufuna ndalama ya m'thumba yokhala ndi lisiti, eya pitani, ndipo pitani mmawa mapepala onse ali m'manja. Wageni wofuna mpamba wonse wa oda, mupezako gawo chabe. Wodwala wofuna kulipira chipatala kunja asataye nthawi pano, zimenezo ndi za ku banki ndi makalata a chipatala. Eni ake akangoika munthu woyankha foni n'kulankhula ndi mlonda uja, nyenyezi yachinayi ndiwapatsa, yachisanuyo siili m'manja mwawo.