IELTS, PTE, TOEFL kapena Duolingo: mayeso oyenera wophunzira wa ku Pakistan wofuna sukulu kunja

Wophunzira wa ku Pakistan amene akufuna malo pa yunivesite ya ku Britain, Australia, Canada kapena America amafunsidwa umboni woti Chingerezi amachidziwa. Zimenezi zili choncho ngakhale kuti Chingerezi ndi chilankhulo cha boma m'dziko lakelo pamodzi ndi Chiurdu, ndipo ambiri digiri yawo amaiphunzira m'Chingerezi chokhachokha. Boma la Britain lili ndi mndandanda wa mayiko amene limawatenga kuti anthu ambiri amalankhula Chingerezi, ndipo Pakistan palibepo. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe nawonso palibepo, ndiye zambiri zimene zili pano zikukhudzanso ophunzira akwathu. Mwa mayeso a Chingerezi amene alipo, maganizo athu ndi akuti IELTS Academic yolembera pa kompyuta ndi imene imatsegula makomo ambiri pa ndalama zimene mwalipira. Koma ndalama zambiri zimatayika munthu asanalowe n'komwe m'chipinda cha mayeso, chifukwa cholembetsa mtundu wolakwika.

IELTS eni ake ndi atatu: British Council, IDP ndi Cambridge. Ku Pakistan mungalembetse kudzera ku British Council, IDP kapena AEO Pakistan, ndipo malo olembera alipo ku Lahore, Karachi, Islamabad komanso mizinda ina ngati Faisalabad ndi Multan. Mafunso ndi kachongedwe kake n'zofanana kulikonse. Mphekesera yoti akuti-akuti amapereka malikisi mowolowa manja musaimvere. Sankhani potengera tsiku limene likukuyenerani ndi kutalika kwa ulendo.

Mitundu yake ndi imene imasokoneza. IELTS Academic ndi ya ofuna sukulu. IELTS General Training ndi ya ofuna ntchito kapena kusamukira kunja, ndipo yunivesite siilandira pa maphunziro a digiri. Kenako pali IELTS for UKVI (UKVI ndi ofesi ya viza ya boma la Britain), imene mafunso ake sasiyana ndi ya wamba, koma imalembedwa pa malo ovomerezedwa ndi boma la Britain, chitetezo chake n'chokhwima, satifiketi yake imakhala ndi nambala imene ofesi ya viza imaifufuza, ndipo mtengo wake ndi wokwererako. Lamulo la Britain ndi ili: pa maphunziro a digiri kupita m'mwamba pamafunika mulingo wa Chingerezi wotchedwa B2, ndipo yunivesite yovomerezeka imaloledwa kudziyezera yokha Chingerezi cha wophunzira, choncho IELTS Academic ya wamba imakwanira. Pa maphunziro osafika pa digiri, monga foundation (kosi yokonzekeretsa munthu kuyamba digiri) kapena kosi ya Chingerezi yochita digiri isanayambe, pamafunika mayeso a pa mndandanda wa boma. Apa ndi pamene anthu amagwira fuwa la moto. Munthu amalemba ya wamba ali ndi chiyembekezo chopeza bandi 6.5 (bandi ndi malikisi a IELTS, amene amalekezera pa 9), n'kupeza 5.5. Yunivesite n'kumuuza kuti abwere ayambe ndi masabata angapo a Chingerezi, koma kosi imeneyo kawirikawiri imafuna satifiketi ya UKVI imene iye alibe. Ayenera kulipiranso ndi kulembanso. Ngati mukupita ku Britain ndipo mayeso anu oyeserera sakupitirira 6.5 mosakayikitsa, lembetsani ya UKVI kuyambira pachiyambi.

Mayesowo ali ndi zigawo zinayi. Kumvetsera kumatenga mphindi pafupifupi 30, mafunso 40, ndipo mawuwo amamveka kamodzi kokha. Kuwerenga ndi mphindi 60, nkhani zitatu zazitali, mafunso 40. Pa zigawo ziwirizi, kukhoza mafunso pafupifupi 23 kumapereka bandi 6, mafunso 30 bandi 7, mafunso 35 bandi 8. Malikisi amatayika pa tizinthu ting'onoting'ono: sipelo yolakwika, kusiya s wosonyeza zambiri, kapena kulemba mawu atatu pamene funso lanena kuti asapitirire awiri. Pa kompyuta mumapatsidwa mphindi ziwiri zokha zounikanso mayankho a kumvetsera, ndiye lembani yankho lililonse molondola nthawi yomweyo. Pa kuwerenga, mafunso a True, False, Not Given ndi amene amadya nthawi. Not Given amatanthauza kuti nkhaniyo sinanenepo kanthu, ngakhale inu mukudziwa kuti chinthucho n'choona.

Chigawo cholemba ndi chimene chimagwetsa ambiri, ndipo tikhalitsepo. Muli ntchito ziwiri m'mphindi 60. Yoyamba ndi kufotokoza girafu, tebulo, mapu kapena chithunzi cha mmene chinthu chimapangidwira, m'mawu osachepera 150. Yachiwiri ndi chimangirizo cha mawu osachepera 250, ndipo malikisi ake amalemera kawiri kuposa a yoyamba. Wothera mphindi 30 pa girafu wadzibera yekha. Gawani 20 ndi 40. Ochonga amayang'ana zinthu zinayi zolemera mofanana: ngati mwayankha funso lonse, ngati mfundo zikulumikizana, kuchuluka ndi kulondola kwa mawu, ndi galamala. Pa ntchito yoyamba, kusalemba chiganizo chimodzi kapena ziwiri zonena chithunzithunzi cha girafu yonse kumatsitsa bandi ngakhale manambala onse mwawatchula bwino. Pa yachiwiri, funso likakhala ndi mbali ziwiri inu n'kuyankha imodzi, galamala yabwino siikupulumutsani.

Vuto lina limachokera ku sukulu. Mayeso a ku sekondale ku Pakistan, otchedwa matric ndi intermediate, amazoloweretsa ana kuloweza zimangirizo, ndipo malo ena ophunzitsa IELTS amapitiriza chizolowezi chomwecho pogawa ziganizo zokonzeratu zoyambira ndi zomalizira. Ochonga anaziona kambirimbiri ziganizo zimenezo, ndipo mawu ooneka kuti ndi oloweza sawawerengera ngati luso lanu. Komanso Chiurdu ndi Chipunjabi zilibe timawu tofanana ndi a ndi the, choncho ophunzira ambiri amatisiya kapena kutiika posayenera m'chiganizo chilichonse, ndipo zolakwa zobwerezabwereza zotere zimamangirira munthu pa 6. Mphunzitsi woyenera kumulipira ndi amene amachonga zolemba zanu ndi cholembera chofiira, mzere ndi mzere, sabata iliyonse. Amene amangogawa mapepala oloweza akukudyerani ndalama. Onjezani kuyeserera kutaipa: pa kompyuta ya mayeso palibe chokonzera sipelo, ngakhale kuti imakuwerengerani mawu.

Kulankhula ndi mphindi 11 mpaka 14 ndi woyesa weniweni, munthu. Pakati pake amakupatsani mutu, mphindi imodzi yokonzekera, kenako mulankhule mpaka mphindi ziwiri. Kamvekedwe ka Chingerezi cha ku Pakistan sikachotsetsa malikisi. Chimene chimachotsetsa ndi kusamveka, monga kusakaniza v ndi w, kapena kuthamanga mpaka mawu kumezana.

Bandi yonse imapezeka pophatikiza zigawo zinayi n'kugawa ndi 4, ndipo 6.25 imakwera kukhala 6.5, 6.75 kukhala 7. Koma mayunivesite ambiri pa masters amafuna 6.5 popanda chigawo chotsika pa 6. Wopeza 7.5, 7, 5.5 ndi 6.5 ali ndi 6.5 yonse, koma wakanidwa chifukwa cha 5.5 ya kulemba. Oxford pa makosi ake ofuna mulingo wapamwamba imafuna 7.5 ndi 7 pa chigawo chilichonse. Apa IELTS ili ndi chinthu chimene timachiyamikira kwambiri, One Skill Retake: amene analemba pa kompyuta angabwereze chigawo chimodzi chokha pasanathe masiku 60, kamodzi basi. Si mayunivesite onse amene amalandira zotsatira zotere, ndiye funsani pa imelo musanalipire. Palinso kupempha kuti akuchongereninso pasanathe masabata asanu ndi limodzi, ndipo ndalama zimabwezedwa ngati bandi yakwera. Zimenezi zili ndi phindu pa kulemba ndi kulankhula, kumene wochonga amagwiritsa ntchito nzeru zake. Pa kumvetsera ndi kuwerenga yankho limakhala lolondola kapena lolakwa, ndipo kusintha n'kosowa.

Choipa cha IELTS ndi mtengo. Ndi ndalama zambiri kwa banja wamba la ku Pakistan, ndipo umakwera rupee ikagwa. Satifiketi imagwira ntchito zaka ziwiri zokha.

Malamulo a mayiko asintha kwambiri posachedwa, ndipo maejenti ena akunenabe zakale. Australia pa 23 March 2024 inakweza bandi ya viza ya ophunzira kuchoka pa 5.5 kufika pa 6, ya foundation ikhale 5.5, ya oyamba ndi kosi ya Chingerezi ikhale 5. Dzikoli silandira mayeso olembera kunyumba pa nkhani ya viza. Canada inali ndi njira yachangu yotchedwa Student Direct Stream imene Pakistan inalimo, koma inatsekedwa pa 8 November 2024, ndiye ejenti wokulonjezani njira imeneyo akukunamizani kapena sakutsata nkhani. Tsopano bandi imene ikufunika ndi ya koleji kapena yunivesite imene yakulandirani. Dziwaninso kuti chilolezo chogwira ntchito ku Canada mukamaliza sukulu chimafuna mayeso ena, IELTS General Training, CELPIP kapena PTE Core, osati Academic. Ku America boma silinaike bandi ya viza, yunivesite iliyonse ili ndi yake.

PTE Academic ya kampani ya Pearson ndi mpikisano weniweni wa IELTS. Imatenga pafupifupi maola awiri, malikisi ndi 10 mpaka 90, zotsatira kawirikawiri zimatuluka pasanathe masiku awiri, ndipo mipata yolembera imapezeka msanga. Australia imailandira, ndipo Britain ili ndi mtundu wake wa PTE Academic UKVI umene muyenera kuusankha polembetsa. Wofulumira chifukwa tsiku lotsekera layandikira, kapena amene wakakamira pa 6 ya kulemba mu IELTS, ayese imeneyi. Zovuta zake n'zina. Mumalankhula mu maikolofoni anzanu onse m'chipindamo akulankhulanso. Mukakhala chete masekondi atatu, makina amasiya kujambula ndipo funsolo lapita. Ntchito imodzi imapereka malikisi ku zigawo ziwiri, mwachitsanzo kubwereza chiganizo chimene mwamva kumawerengedwa pa kumvetsera ndi pa kulankhula, choncho kulephera pamenepo kumapweteka kawiri. Wolankhula motsitsa mawu kapena modukizadukiza amachita bwino ndi woyesa wa IELTS amene angathe kumufunsanso.

TOEFL iBT ya bungwe la ETS ndi yodalirika kwa opita ku America, ndipo ku Pakistan ena amailembera pa malo a USEFP, bungwe limene limayendetsanso m'dzikomo Fulbright, thandizo la fizi la okaphunzira ku America. Kwa zaka zambiri malikisi ake anali 0 mpaka 120, koma kuyambira January 2026 anayamba kuwerengera 1 mpaka 6, ndiye onani kuti tsamba la yunivesite likunena muyezo uti.

Duolingo English Test ndi yotsika mtengo kuposa onsewa. Imatenga pafupifupi ola limodzi, malikisi 10 mpaka 160, mumalembera kunyumba, zotsatira m'masiku awiri. Mayunivesite ambiri a ku America ndi ena a ku Canada ndi Britain amailandira. Koma si ya pa mndandanda wa boma la Britain, ndipo Australia siilandira pa viza. Chachiwiri, kulembera kunyumba ku Pakistan kumatanthauza kudalira magetsi amene amazimazima ndi intaneti imene imadukaduka. Kamera imajambula zonse, ndipo kuyang'ana kumbali nthawi yaitali, munthu kulowa m'chipinda kapena kuvala mahedifoni kungachititse kuti zotsatira zisavomerezedwe. Ndi yabwino kwa amene walemba kale mayina a mayunivesite ake ndipo onse akuilandira, ali ndi laputopu ya batire yolimba ndi chipinda chotseka. Kwa amene sanasankhe dziko, ndi njira yopapatiza.

Nanga kalata ya ku yunivesite yakale yonena kuti maphunziro anali m'Chingerezi, imene maejenti amaitcha MOI n'kumalengeza kuti mungapite kunja popanda IELTS? Ndi zoona kuti mayunivesite ena ku Britain ndi ku Germany amailandira, ndipo ena amalandira giredi yabwino ya Chingerezi ya O Level. Koma amene amalandira ndi ochepa, ndipo ambiri amaika malire pa mayunivesite ati a ku Pakistan ndi zaka zingati chimalizireni digiri. Kalatayo siikuchotserani mafunso a pakamwa amene yunivesite imafunsa isanapereke CAS (chikalata chotsimikiza kuti yakulandirani, chofunika pofunsira viza ya ku Britain), kapena amene ofesi ya viza ingafunse, onse m'Chingerezi. Sitiilimbikitsa kwa aliyense amene akufunanso thandizo la fizi. Za madobadoba ogulitsa satifiketi pa Facebook ndi WhatsApp, thawani. Mayunivesite ndi maofesi a viza amafufuza nambala ya satifiketi pa makina a eni mayeso, ndipo ku Britain chinyengo pa fomu ya viza chingakuletseni kulowa m'dzikomo zaka 10.

Polembetsa gwiritsani ntchito pasipoti, ndipo tsiku la mayeso mubwere ndi yomweyo, osati fotokope kapena chiphaso china. Lembani dzina ndendende mmene lilili mu pasipotimo. Kusiyana kwa Muhammad ndi Mohammad pakati pa satifiketi ya mayeso, digiri ndi pasipoti kumachedwetsa mafomu, ndipo kukonza kumatenga masabata. Mayunivesite a ku Britain amayamba mu September ndi January, a ku Australia mu February ndi July, ndipo ambiri a ku Germany amatseka kulandira mafomu a chigawo cha nyengo yozizira pa 15 July. Lembani mayeso kutatsala miyezi itatu kapena inayi tsiku lotsekera lisanafike, kuti mpata wobwereza chigawo chimodzi ukhalepo, koma musafulumire kwambiri mpaka zaka ziwiri za satifiketi kutha viza isanatuluke.