Mbewu ya chimanga ya Kanyani (SC 403): kodi ikuyenera minda ya ku Salima?

Kwa mlimi wa ku Khombedza, Chitala kapena Chipoka, komwe dzuwa limaswa mtengo ndipo mvula imatha kudula chimanga chisanakhwime, Kanyani ya Seed Co ndi mbewu yoyenera kuiganizira. Mphamvu yake yaikulu ndi iyi: imamasula ndi kucha msanga kuposa Mkango (SC 627) ndi Njobvu (SC 719). Kuti phindu la zimenezi limveke, tiyang'ane maluwa a chimanga.

Phesi limodzi limakhala ndi maluwa a mitundu iwiri. Ngayaye za kumwamba ndi maluwa aamuna, ndipo ndizo zimathothola mungu, kafumbi kachikasu kamene kamakumatirirani m'malaya mukalowa m'munda m'mawa. Maluwa aakazi amabisala m'makoko, zoonekera kunja ndi ndevu zokha. Ndevu iliyonse imachokera pamalo a njere imodzi. Mungu ukapanda kugwera pa ndevu ina, malo akewo amakhala gweru. Ndevu za kunsonga ndizo zimatuluka pomaliza, n'chifukwa chake chitsononkho chosadzaza chimaperewera kunsonga kawirikawiri.

Vuto limabwera ng'amba ikagwa nthawi yomasula. Ngayaye zimathothola mungu kwa sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono, koma chinyezi chikasowa ndevu zimachedwa kutuluka, n'kupeza mungu watha kale. Kutentha kopitirira madigiri 35 kumaphanso mungu. Kanyani ikadzalidwa ndi mvula yoyamba yokwanira imadutsa msanga nyengo yoopsayi. Ikadzalidwa mochedwa, mwayi wonsewo mwautaya.

Mbewuyi imabwera yothiridwa mankhwala a mtundu, choncho si yokazinga kapena kupatsa nkhuku. Musanagule onani tsiku limene inayesedwa ndiponso ngati paketi ili yomatidwa bwino. Imene yakhala padzuwa pakhonde la sitolo isiyeni, chifukwa kamtima ka njere, komwe kamatulutsa muzu ndi mphukira, kamafooka ndi kutentha. Ya pamsika yoyezera m'mbale musayerekeze, ena amangopaka utoto chimanga cha m'nkhokwe. Kunyumba werengani njere 100, muzikulunge m'chiguduli chonyowa, muziike pamthunzi masiku 7. Zikamera 90 kapena kuposa, dzalani mtima uli m'malo.

Kadzalidwe ndi ka Sasakawa: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, kuya kwa masentimita 5. Hekitala imadya makilogalamu pafupifupi 25, mapesi n'kukwana 53,000. Feteleza wokulitsa alowe podzala kapena chikangomera, Urea pakatha masabata atatu. Apa mbewu yocha msanga siikhululuka: Urea wothira ngayaye zitatuluka ndi ndalama zotaya. Pamunda wa mchenga cha ku Senga Bay ndi bwino kumugawa kawiri, poti mvula imamutsitsa msanga. Ntchemberezandonda nazo siziona dzina la mbewu, muzisuzumira m'kati mwa nsonga kawiri pa sabata.

Zofooka zilipo. Chaka cha mvula yabwino, pa dothi la chonde, Njobvu imaiposa kutali pa zokolola chifukwa imakhala nthawi yaitali m'munda. Chinanso, ikauma mvula isanathe imatha kuola paphesi mukachedwa kukolola. Anankafumbwe musawadikire, tonolani, umitsani, thirani mankhwala kapena sungani m'matumba osalowa mpweya a PICS.

Ndipo Kanyani ndi haibulidi, mwana wa makolo osiyana. Kopanga mbewu amazula ngayaye za mizere yaikazi kuti ilandire mungu wa mizere yaimuna yokha. Mukabwereza zimene mwakolola, mapesi amatuluka ena aatali ena aafupi, kumasula kosiyana masiku, zokolola n'kutsika. Amene mulibe ndalama yogulira mbewu chaka ndi chaka, funsani alangizi za mitundu ya ZM, monga ZM 523, imene imalola kubwereza kwa zaka zingapo ngati munda watalikirana ndi chimanga cha anzanu.