Pulasitiki yokulungira mapaleti: mitundu itatu ndi mmene imagwirira katundu pa msewu wa Johannesburg ndi Blantyre

Aliyense amene amatumiza kapena kulandira katundu wa pa mapaleti (timathandala ta matabwa tosanjikapo katundu) pakati pa Johannesburg ndi Blantyre amadziwa kuti ulendowu ndi wa makilomita oposa 1,500, ndipo thiraki imadutsa ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Zobue isanafike pa chipata cha Mwanza. Pa mtunda wonsewo katundu amagwedezeka, amatsamira kutsogolo dalaivala akaponda mabuleki, amapendekera kumbali pokhota, ndipo chimene chimagwira makatoni kuti asachoke pa paleti nthawi zambiri ndi pulasitiki yopyapyala yotamuka ija imene ogulitsa amaitchula kuti stretch wrap. Pa ntchito yanga yolongedza ndi kulandira katundu ndagwiritsa ntchito mitundu itatu ya pulasitiki imeneyi, ndipo ndafika pokhulupirira kuti mtengo wa mpukutu umodzi ndi umene umasocheretsa ogula ambiri. Chofunika kudziwa ndi kuchuluka kwa pulasitiki imene ilidi pa mpukutuwo, ndiponso ngati ikuyenerana ndi katundu amene mukufuna kukulunga.

Pafupifupi pulasitiki yonse ya mtundu umenewu imapangidwa kuchokera ku mtundu wa pulasitiki wotchedwa polyethylene, makamaka yotamuka imene amaitchula kuti LLDPE. Mphamvu yake ili pakuti ikakokedwa imafuna kubwerera pa utali wake wakale, choncho ikazunguliridwa pa katundu ili yokokedwa imamufinya ndi kumugwira pamodzi ngati chinthu chimodzi. Sifunika moto, ndipo m'pofunika kuisiyanitsa ndi ija imene imachita kutenthedwa kuti ikhwinyate, komanso ndi ija ya kukhitchini yovundikira chakudya, imene ilibe mphamvu yogwira katundu wolemera. Mipukutu yokulungira pamanja kawirikawiri imakhala ya mamilimita 450 kapena 500 m'lifupi, ndipo kukhuthala kwake kumayezedwa m'ma micron (ma micron 1,000 amapanga milimita imodzi). Yofala pa msika ndi ya ma micron 17, 20 ndi 23.

Ndisanafotokoze za mitundu itatu ija, ndiyambe ndi nkhani ya sikelo, chifukwa apa ndi pamene ndalama zimatayika mwakachetechete. Ogulitsa ena amatchula kulemera kwa mpukutu wonse, koma m'kati mwa mpukutu uliwonse muli chubu cha katoni, ndipo chubucho chikakhala chokhuthala mwadala wogula amalipira katoni pa mtengo wa pulasitiki. Masamu ake ndi osavuta. Polyethylene imeneyi imalemera pafupifupi magalamu 0.92 pa cubic centimetre imodzi, kotero kuti mpukutu wa mamilimita 500 m'lifupi ndi mamita 300 m'litali uyenera kukhala ndi pulasitiki yolemera pafupifupi makilogalamu 2.35 ngati ili ya ma micron 17, makilogalamu 2.76 ngati ili ya ma micron 20, ndi makilogalamu 3.17 ngati ili ya ma micron 23. Ikani mpukutu watsopano pa sikelo, ndipo ukatha yezaninso chubu chotsalacho, kenako chotsani kulemera kwake pa kulemera koyamba kuja. Ngati kulemera kumene mwapezako kukuchepa kwambiri poyerekeza ndi manambala amenewa, ndiye kuti mamita ndi ochepa kapena pulasitikiyo ndi yopyapyala kuposa mmene analembera pa katoni yake. Wogulitsa wina amene ndinkagulako kale anali ndi mipukutu yooneka yaikulu ndi yotsika mtengo, koma chubu chake chinali cholemera kwambiri, ndipo mipukutuyo inkatha msanga moti anyamata okulunga ndiwo anayamba kudandaula sikelo isanatsimikize n'komwe. Wogulitsa wodalirika savutika kunena m'lifupi, ma micron, mamita ndi kulemera kwa pulasitiki yokha popanda chubu.

Mtundu woyamba ndi umene ogulitsa amautchula kuti cast, ndipo ine ndagwiritsa ntchito kwambiri wa ma micron 17. Popanga, pulasitiki yosungunuka imatuluka pa kamwa lophwatalala la makina n'kugwera pa zitsulo zozungulira zozizira, ndipo chifukwa choti imazizira mwachangu imatuluka yoonekera bwino ndi yosalala. Imeneyi ndi yabwino kwambiri pa makatoni ofanana kukula, osanjidwa bwino, osalemera kwambiri, monga a mabisiketi, mapepala a m'chimbudzi kapena mabotolo apulasitiki opanda kanthu. Imamasuka pa mpukutu popanda phokoso, sitopetsa manja, ndipo zolemba za pa makatoni zimawerengeka bwinobwino popanda kuing'amba, chimene chimathandiza pa chipata pamene a kasitomu akufuna kufananiza katundu ndi mapepala ake. Chofooka chake ndi chakuti ikaboka pa kona yakuthwa, bowolo limatha kufalikira m'lifupi mwake, ndipo pa katundu wolemera imamasuka pang'onopang'ono ulendo uli m'kati. Paleti ya zitini za penti imene inafika kwa ife itakulungidwa ndi ya ma micron 17 inali isanagwe, koma mizere yapamwamba inali itasendera kumbali moti forklift, galimoto yonyamulira mapaleti, sikanatha kuitsitsa bwinobwino popanda kuyamba kupasula pamanja.

Mtundu wachiwiri ndi blown, ndipo wa ma micron 23 ndi umene ndimaudalira kwambiri pa ulendo wautali. Popanga, pulasitiki imatuluka pa kamwa lozungulira n'kufufumitsidwa ndi mpweya, kenako imazizira pang'onopang'ono ikukwera m'mwamba. Zotsatira zake ndi pulasitiki yosaonekera bwino kwenikweni, yomata kwambiri, yochita phokoso lalikulu pomasuka, koma yolimba mbali zonse ziwiri ndiponso yovuta kuboola. Pa katundu wa makona akuthwa, monga matailosi, zitsulo zopakidwa m'makatoni, zitini za penti ndi zigubu za mafuta ophikira, kusiyana kwake kumaoneka thiraki ikangotsegulidwa, chifukwa paleti imafika ili chiimire monga mmene inakwezedwera. Ndi yokwera mtengo, imafuna mphamvu zambiri pokoka, ndipo munthu akakulunga mapaleti ambiri motsatizana msana ndi manja zimamva. Phokoso lake m'nyumba yosungiramo katundu ya denga la malata si laling'ono ayi. Palinso vuto limodzi limene ogulitsa satchula kawirikawiri. Ikakhala yomata mbali zonse ziwiri, mapaleti oyandikana m'thiraki amatha kumatana, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo potsitsa paleti ina imang'amba pulasitiki ya inzake. Chifukwa cha ichi ndi bwino kufunsa yomata mbali ya m'kati yokha, kunja kwake kukhale koterera.

Mtundu wachitatu ndi umene unakokedwa kale ku fakitale usanapindidwe pa mpukutu. Ndi wopyapyala kwambiri, mpukutu wake ndi wopepuka, m'mphepete mwake nthawi zambiri mumakhala mopindidwa kuti musang'ambike, ndipo wokulunga safunika kukoka mwamphamvu. Amangoyenda mozungulira paleti akuikunga pang'ono. Pa makatoni opepuka opita ulendo waufupi, monga kuchoka ku Blantyre kupita ku Zomba kapena ku Lilongwe, ndaona kuti imagwira bwino ndipo zinyalala zimachepa. Pa katundu wolemera wopita kutali sindiikhulupirira.

Komabe ngakhale pulasitiki yabwino koposa singathandize ngati kakulungidwe kake ndi kolakwika, ndipo mapaleti ambiri owonongeka amene ndawaona analephera chifukwa cha ichi osati chifukwa cha ma micron. Cholakwa chachikulu ndi kukulunga makatoni okha n'kusiya paleti. Katundu wotero amakhala wogwirana bwino, koma amatsetsereka yense pamodzi pa matabwa dalaivala akaima mwadzidzidzi. Pulasitiki iyenera kuyamba itamangidwa ku mwendo wa paleti, izungulire pansi katatu ikugwira matabwa ndi makatoni apansi limodzi, koma isatseke mabowo olowera mano a forklift, chifukwa manowo adzaiboola ndipo mphamvu yonse yapansi idzatha. Pokwera, mzere uliwonse uphimbe theka la mzere wapansi pake, pamwamba izungulire kawiri kapena katatu itapitirira pang'ono m'mphepete mwa makatoni apamwamba, kenako itsikenso. Pa katundu wolemera ndimakonda kuti wokulunga afinye pulasitiki ikhale ngati chingwe n'kuizunguliza pansi penipeni, chifukwa chingwe chotero chimamanga katundu ku paleti mwamphamvu kuposa pulasitiki yotambasuka. Makatoni olimba oika m'makona amathandiza pawiri: amateteza pulasitiki kuti isaboke, ndipo amaletsa kuti makatoni ofewa asaphwanyike m'makona ikakokedwa kwambiri. Tisaiwalenso kuti pulasitiki imamanga katundu ku paleti basi. Kumanga paleti ku thiraki ndi ntchito ya malamba.

Kakulungidwe kameneka kamatithandizanso kudziwa mtengo weniweni. Paleti ya mamilimita 1,200 ndi 1,000, imene ndi yofala ku South Africa, ili ndi mamita 4.4 kuzungulira kamodzi. Katundu wotalika mita imodzi ndi theka amafuna kuzunguliridwa pafupifupi ka 15, kumene ndi mamita 66 a pulasitiki yokokedwa, ndipo popeza dzanja la munthu silikoka kwambiri, pa mpukutu pamachoka mamita apafupifupi 50. Ndiye kuti mpukutu wa mamita 300 ungakwanire mapaleti pafupifupi 6. Pulasitiki yopyapyala ikamaduka pafupipafupi, kapena ikamafuna kuzunguliridwa kochuluka kuti igwire, phindu lonse la mtengo wake wotsika limatheratu. Makina okulungira amasintha masamuwa kwambiri, chifukwa amatha kukoka pulasitiki kufika kawiri kapena katatu utali wake woyamba, koma amafuna mipukutu yakeyake yaikulu ndi yolemera, ndipo kampani yaing'ono imene imakulunga mapaleti ochepa pa tsiku singabweze msanga ndalama zogulira makinawo.

Za pulasitiki yakuda ndinene mosabisa kuti sindiikonda kwenikweni. Ubwino wake ndi woti imabisa katundu wamtengo wapatali kwa anthu a maso aatali, komanso ikadulidwa n'kukulungidwanso ndi ina zimaonekera. Koma imabisanso katoni yophwanyika kapena chigubu chodontha, imatentha kwambiri padzuwa, ndipo pa chipata a kasitomu akafuna kuona katundu palibe njira ina koma kuidula. Aliyense wotumiza katundu wodutsa malire, kaya ndi yakuda kapena yoonekera, achita bwino kupatsa dalaivala mpukutu umodzi wapadera, kuti paleti imene yatsegulidwa poyendera ikulungidwenso ulendo usanapitirire.

Pali katundu wina amene sayenera kukulungidwa ndi pulasitiki yotseka konsekonse, ndipo nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri chifukwa ikukhudza mbewu zimene alimi athu amatumiza kunja. Matumba a mtedza, chimanga, soya ndi nandolo amafuna mpweya. Akatsekedwa mwamphamvu m'pulasitiki, masana kukatentha chinyezi chimatuluka m'mbewu, usiku kukazizira chimasanduka madontho m'kati mwa pulasitikiyo, ndipo madonthowo amanyowetsa matumba. Pa mtedza ndi chimanga chinyezi chotere chimabweretsa chuku chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, ndipo ameneyu ndi amene amachititsa kuti katundu akanidwe pa misika ya ku Ulaya ndi ku South Africa. Chimodzimodzi tomato, anyezi ndi zipatso zimaola msanga zikatsekedwa. Pa katundu wotere pali pulasitiki ya mabowo ndi ukonde wokulungira mapaleti, ndipo zikasowa ndi bwino kugwiritsa ntchito malamba ndi makatoni a m'makona m'malo motseka.

Ena amaganiza kuti paleti yokulungidwa singalowe mvula, koma pamwamba pake pamakhala potseguka, ndipo madzi akalowa amatsika pakati pa makatoni n'kukhazikika pansi popanda potulukira. M'nyengo ya dzinja pamafunika pepala lapulasitiki loyala pamwamba, limene m'mphepete mwake mumagwidwa ndi mizere yapamwamba. Dzuwa nalo limafooketsa pulasitiki wamba, moti paleti imene ikhale panja nthawi yaitali imafuna ya mtundu wotetezedwa ku kuwala kwa dzuwa, umene pa katoni yake pamalembedwa UV.

Ndikayika zonsezi pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, ine ndimasunga mitundu iwiri: cast ya ma micron 17 kapena 20 ya makatoni opepuka ndi ofanana, ndi blown ya ma micron 23 ya katundu wolemera, wa makona akuthwa kapena wopita kutali. Amene ali ndi ndalama zogulira mtundu umodzi wokha, ndipo katundu wake ndi wosakanikirana, angachite bwino kutenga wa ma micron 23. Amene akufuna kuitanitsa yekha mipukutu yambiri kuchokera kunja akumbukire kuti Malawi ili ndi malamulo a 2015 okhudza mapulasitiki opyapyala ochepera ma micron 60, choncho ayambe wakambirana ndi a Malawi Environment Protection Authority komanso womuthandiza kuombola katundu pa chipata asanalipire.

Mipukutu ikafika, isungidwe m'makatoni ake, pamthunzi, pamalo ouma ndi opanda fumbi, chifukwa fumbi limapha kumata kwake ndipo kutentha kumachititsa kuti mizere imatirirane pa mpukutu. Isaponyedwe pansi potsitsa: mpukutu umene wagwa n'kutupuka m'mphepete umaduka pamalo omwewo nthawi iliyonse imene wazungulira, ndipo wokulunga amataya mamita ambiri asanafike pa pulasitiki yabwino. Pulasitiki yodulidwa pa mapaleti ofika isatenthedwe kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu; ikasonkhanitsidwa payokha ili yoyera, yopanda tepi ndi zomata za mapepala, ndi polyethylene imene ingasungunulidwe n'kupangidwanso zinthu zina.