Miyezi khumi ndikutchajira foni pa kambale mushopu yosokera

Foni yanga ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, anabwera nayo achimwene anga kuchokera ku Joni. Ndi foni yabwino, koma inagwera m'manja mwa telala. Amene munakhalapo mushopu yosokera mukudziwa kuti mpweya wake umadzaza tiulusi ndi fumbi la nsalu, makamaka tsiku lodula zitenje zatsopano. Tonseto timakathera m'kabowo kotchajira. Ndinapita nayo kawiri kwa wokonza mafoni. Ulendo woyamba anangotokosamo ndi kasingano n'kutulutsa kathonje kolimba. Ulendo wachiwiri anasintha kabowo konse, ndipo pondibwezera foniyo anati, "Amayi, mukapitiriza kusomeka ndi kuzula chingwe kakhumi pa tsiku, tionananso posachedwa. Foni yanuyi imatchajika osasomeka kanthu, kodi simudziwa?" Ine sindinkadziwa.

Ndiye mu Malichi ndinagula tchaja imene ogulitsa amati wireless charger. Kwathu timangoti kambale, chifukwa ndi kozungulira ngati kambale koikirapo kapu ya tiyi. Masabata oyamba ndinkauza aliyense wolowa mushopu kuti za zingwe ine ndathana nazo. Lero ndi Januwale, kambaleko kadutsa m'chisanu cha Juni, m'kutentha kwa Okutobala ndi m'piringupiringu wa madiresi a ukwati ndi mayunifomu, ndipo mawu ndinalankhula aja ndiyenera kuwakonza.

Chimene ndinagulira chatheka ndithu. Kabowo kotchajira kakadali bwinobwino, sindinapitenso kwa wokonza uja. Ndinagula kachotsekera ka labala n'kutsekapo, ndipo pamatha masiku osatsegulapo. Ntchito yanga foni imakhala m'manja pafupipafupi: kasitomala watumiza chithunzi cha sitayilo pa WhatsApp, wina watumiza ndalama, wina akufunsa ngati siketi yake yatha. Kale ndinkachita kuzula chingwe ndi dzanja limodzi, lina litagwira nsalu pamakina. Pano ndimangonyamula, kuyankha, n'kuigonekanso. Batire limakhala lokhuta tsiku lonse popanda ine kuliganizira. Pa zimenezi zokha ndalama yanga sinapite pachabe.

Wokonza mafoni uja anandionetsa foni ina yotsegula kumbuyo kuti ndimvetse. Pansi pa galasi lakumbuyo pamakhala waya wa kopa wopyapyala, wokulungidwa mozungulira ngati nkhata. M'kambale mulinso nkhata ina yotero. Magetsi akamadutsa mu nkhata ya m'kambale amapanga mphamvu ya maginito yosinthasintha mofulumira, ndipo nkhata ya m'foni imaitola n'kuisandutsanso magetsi olowa m'batire. Nzeru imeneyi si yatsopano, anaitulukira wasayansi wa ku England, Michael Faraday, mu 1831. Chatsopano n'chakuti makampani anagwirizana njira imodzi yotchedwa Qi, imene amaitchula kuti "chi". Bungwe loyang'anira njirayi, Wireless Power Consortium, linayamba mu 2008, ndipo malamulo oyamba a Qi anatuluka mu 2010. N'chifukwa chake kambale kanga kamatchaja foni yanga komanso mafoni a makasitomala a mitundu ina, bola akhale ndi nkhata ija.

Nditamvetsa za nkhata ziwirizi m'pamene ndinamvetsanso vuto limene linandisautsa kwambiri miyezi yoyamba. Nkhatazo ziyenera kuyang'anizana ndendende. Foni ikangosendera pambali pang'ono, kutalika ngati chala chimodzi, imatchaja mwaulesi kapena kusiyiratu. Ndinkapita nako kunyumba kambaleko, ndipo katatu konse ndinadzuka m'mawa foni ili pafupi kuzima, chonsecho yagona pa kambale usiku wonse. Tsiku lina ndinaona ndi maso anga chimene chimachitika. Uthenga ukalowa foni imanjenjemera, ndipo poti kumbuyo kwake ndi koterera, imasuntha pang'onopang'ono mpaka kuchoka pakati. Magulu a WhatsApp a kutchalitchi ndi a banki m'khonde sagona, ndiye tangoganizani. Mushopu ndinathana nazo mwautelala: ndinalemba ndi choko malo enieni oyenera, n'kumata tizidutswa tiwiri ta katoni patebulo kuti foni izikhala pakati pake ngati m'khola. Kuyambira pamenepo sinaphonyenso. Koma chipangizo chogula ndi ndalama sichinayenere kudalira katoni wanga.

China chimene atelala anzanga muyenera kumva ndi cha mapini. Tsiku lina mu Meyi kagetsi ka pa kambale kanayamba kuphethira mosalekeza, foni osatchaja. Ndinachotsa, kubwezera, kusintha soketi, ayi ndithu. Nditatembenuza foni ndinapeza pini yosokera itakanirira m'mphepete mwa kava, ndipo nditaigwira inali yofunda. Chitsulo chikakhala pakati pa nkhata ziwiri zija chimayamwa mphamvu n'kuyamba kutentha, choncho matchaja a Qi anawapanga kuti azizindikira chinthu chachilendo n'kusiya kutumiza magetsi. Kanga kanagwira ntchito yake, koma sindikuika moyo wa shopu yodzaza nsalu m'manja mwa kagetsi kophethira. Kambale ndinakasamutsira pa shelefu yakeyake, kutali ndi mapini, masizasi ndi makobidi, ndipo mtsikana amene ndikumuphunzitsa kusoka anazolowera kupukuta kumbuyo kwa foni asanaigoneke. Khadi la kubanki limene ndinkabisa m'kava ndinalichotsamo, chifukwa opanga mafoni amachenjeza kuti lingawonongeke.

Za liwiro ndisakunamizeni, chingwe chimathamanga. Foni yanga pa chingwe imadzaza pa ola limodzi ndi theka, pa kambale imafuna pafupifupi maola atatu. Poyamba zinkaposa pamenepo chifukwa kambale kanabwera ndi chingwe chokha, popanda mutu wosomeka pa soketi, ndipo ine ndinangosomeka mutu wakale wa foni ina. Qi ya wamba imapereka mawati 5, yamphamvuko imafika 15 kapena kuposerapo, koma kuti ifike pamenepo pamafunika mutu wamphamvu komanso foni yovomera. Ndinachita kukagulanso mutu wina. Ogulitsa sanandiuze zimenezi, ndipo aliyense wowerengera mtengo wa kambale awerengerenso mutuwo. Paja dzina loti yopanda chingwe limanyengerera: chingwe chilipo, chimangothera pa kambale m'malo mothera pa foni.

Okutobala ndiye anandiphunzitsa zambiri. Shopu yanga ndi ya malata opanda siling'i, ndipo pofika masana ngakhale makina amatentha kuwagwira. Foni ikagona pa kambale nthawi imeneyo inkafunda ngati mbatata yochokera paphulusa, kenako n'kulemba kuti yaimitsa kutchaja kufikira itazizira. Apa ndinada nkhawa, chifukwa kutentha ndi kumene kumakalambitsa msanga mabatire a lithium, ndipo batire la foni ngati yangayi si lotchipa kusintha. Ndinayamba kuvula kava masana, ndipo masiku otentha kwambiri ndinkatchaja m'mawa ndi madzulo okha. Batire mpaka pano likusunga moto monga kale, koma ndikukhulupirira kuti n'chifukwa cha kusamalako. Kutenthako ndi magetsi amene atayika panjira osalowa m'batire. Mu 2020 anthu ena anayeza foni ya Google yotchedwa Pixel 4 mothandizana ndi a iFixit, kampani ya zokonza mafoni ndi zipangizo zina, ndipo anapeza kuti kuidzaza pa kambale kunkadya magetsi ochulukirapo ndi pafupifupi 47 pa 100 alionse poyerekeza ndi chingwe. Foni ikakhala mopendama, otayikawo amachuluka.

Kwa munthu wa magetsi osazima, zotayikazo n'zochepa, sangazione n'komwe pa mayunitsi. Kwa ife nkhani ndi ina. Magetsi akapita m'mawa n'kubwera kwa maola awiri okha, ine sindiyang'anako ku kambale. Ndimatsegula kachotsekera kaja n'kusomeka chingwe, chifukwa mphindi iliyonse ndi ya mtengo. Ndinayesapo kamodzi kulumikiza kambale ku pawabanki, ndipo pawabanki inatha msanga kuposa masiku onse. Mayi anga kumudzi amatchajira pa kasola kakang'ono kamene kamayatsanso mababu awiri usiku. Kuwapatsa kambale kungakhale kuwalanda kuwala kwa madzulo. Chimodzimodzi anyamata otchajitsa mafoni pa msika: thabwa limodzi limanyamula mafoni makumi awiri pa zingwe, pamene timbale tingafune malo ambiri ndi magetsi ambiri pa ndalama yomweyo.

Ndiye anthu akamandifunsa ngati malonda a matchaja amenewa angayende kuno, ndimayamba ndawafunsa foni imene ili m'thumba mwawo. Mwa makasitomala anga, ambiri amene anayesa kugoneka foni pa kambale sizinatheke, chifukwa mafoni otsika mtengo alibe nkhata ija. Mtsikana wanga wophunzira uja zinamuwawa, moti tinamugulira kapepala kokhala ndi nkhata komata kumbuyo kwa foni, kamene kamchira kake kamasomekedwa m'kabowo kotchajira. Kankatchaja pang'onopang'ono, kankatentha, ndipo pofuna chingwe ankayenera kukazula kaye. Patatha mwezi anakasiya. Sindingalangize munthu kutaya ndalama pa kameneko.

Komabe pali gulu lina lalikulu limene ogulitsa sakuliona, la anthu ngati ine, ogwira mafoni apamwamba akale ochokera kunja. Nokia Lumia 920 inali kale ndi Qi mu 2012. Samsung inaika luso limeneli mu Galaxy S6 mu 2015 n'kupitiriza m'mafoni ake akuluakulu a gulu la S, ngakhale ambiri a gulu la A alibe. Apple inayamba ndi iPhone 8 ndi iPhone X mu 2017. Mafoni amenewa ndi amene adzaza m'mashopu a mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo ambiri amafika kabowo kotchajira katatopa kale. Eni ake amamanga chingwe ndi labala kapena kutsamiritsa foni pa buku kuti igwire moto, osadziwa kuti kumbuyo kuli khomo lina. Ine ndikuona kuti msika woyamba uli pamenepa, ndipo oyenera kugulitsa timbale ndi okonza mafoni, chifukwa ndiwo amakumana ndi anthu a mabowo owonongeka tsiku ndi tsiku.

Msika waukulu udzatseguka nkhata ikadzatsikira m'mafoni a anthu wamba, ndipo zayamba. Kampani ya Transsion ya ku China, mwini wa Tecno, Itel ndi Infinix, ndiyo imagulitsa mafoni ambiri mu Africa muno. Infinix Note 30 Pro ya 2023 inabwera ndi kutchaja kopanda chingwe, ndipo mafoni a Note 40 a 2024 anawonjezerapo njira ya maginito. Maginitowo ndiwo ndikuwayembekezera kwambiri, chifukwa amachotsa vuto limene ine ndinalimbana nalo ndi choko ndi katoni. Apple inawabweretsa mu 2020 pa iPhone 12 ndi dzina loti MagSafe, ndipo mu 2023 bungwe loyang'anira Qi lija linalengeza Qi2, imene inatengera njira yomweyo kuti makampani onse aigwiritse ntchito. Google inaika maginito otere mu Pixel 10 mu 2025. Mayi wina wodzayesa diresi la ukwati wa mwana wake anandionetsa foni yake ya maginito. Anangoyandikitsa katchaja kumbuyo kwa foni, iko n'kudzikokera kokha pamalo pake, kuti phatu. Ananyamula foni n'kumandionetsa zithunzi za masitayilo uku ikutchaja. Kanga sikalola zimenezo: ukangonyamula foni, kutchaja kwaima. Nkhata zikayang'anizana bwino chonchi, magetsi otayika amachepanso, ndipo kwa ife ochepekedwa magetsi mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa kukongola kwake.

Kambale kenikeniko kapirira. Labala wa pamwamba wayamba kusuluka pamene foni imagona, ndipo ndimachotsa ulusi m'mphepete mwake ndi kaburashi ka makina Loweruka lililonse. Chingwe chake sichinathetheke ngakhale pang'ono popeza palibe amene amachikoka, pamene kale ndinkagula chingwe chatsopano miyezi iwiri iliyonse. Ndikanakhala kuti ndikugula lero, ndikanasankha yoimirira, yoti foni izitsamira ndikuona uthenga manja ali pa nsalu, ndipo ndikanayang'ana kaye chizindikiro cha Qi pa bokosi ndi kuyesa foni yanga pomwepo ndisanapereke ndalama.

Kunyumba sindipitanso nako. Kumeneko ndinabwerera ku chingwe, popeza kulibe fumbi la nsalu ndipo ndimasomeka kamodzi kokha pogona. Abambo akunyumba foni yawo ilibe nkhata, choncho chingwe chimodzi chimatikwanira tonse. Kambale kamakhala kushopu pa shelefu yake, ndipo m'dirowa ya makina, pambali pa mabobini, ndimasungamo chingwe china cha tsiku limene magetsi abwera mochedwa.