Kuchokera ku Tete kupita ku Lisboa: kudzera ku Maputo, Johannesburg kapena Lilongwe?

Pakati pa mzinda wa Tete ndi Lisboa pali makilomita pafupifupi 7,500, koma palibe ndege imene imauluka molunjika pakati pa mizinda iwiriyi, choncho aliyense wopita ku Portugal kukaphunzira kapena kukaona abale amayenera kusankha kumene akasinthire ndege.

Njira yodziwika kwambiri ndi yodzera ku Maputo. Munthu amakwera ndege ya LAM pa bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete n'kuyenda makilomita pafupifupi 1,100 m'maola awiri, kenako amakwera ya TAP imene imauluka makilomita 8,400 osatera kwina kulikonse, ulendo wa maola pafupifupi 11. Zoona, njirayi imayamba yaloza kum'mwera pamene Lisboa ali kumpoto, moti ulendo wonse umakwana makilomita 9,500, koma ubwino wake ndi wakuti ndege ndi ziwiri zokha, katundu sasinthidwa kambirimbiri, ndiponso munthu amalankhula Chipwitikizi kuyambira ponyamuka mpaka pofika. Kwa agogo kapena mwana wasukulu amene sanakwerepo ndege, zimenezi n'zofunika kuposa makilomita.

Njira ya ku Johannesburg imayamba ndi ndege ya Airlink, yomwe imayendanso maola pafupifupi awiri. Kuchokera kumeneko munthu angadzere ku Luanda pa ndege ya TAAG, ndipo mtunda wonse sumasiyana kwenikweni ndi wa ku Maputo, kungoti ndege zimakhala zitatu ndipo kudikira kumakhala kawiri.

Imene anthu a ku Angónia ndi ku Tsangano ayenera kuiganizira mofatsa ndi ya ku Lilongwe. Kuchokera ku Ulongwe, likulu la Angónia, kukafika ku Tete pamsewu pali makilomita oposa 200, pamene Lilongwe ali pafupi ndithu munthu akawoloka malire pa Calómuè n'kudzera ku Dedza, ndipo nzika ya Mozambique imalowa m'Malawi ndi pasipoti yokha popanda viza. Kuchokera ku Lilongwe, ndege ya Ethiopian Airlines ikauluka molunjika imafika ku Addis Ababa, mtunda wa makilomita 2,600, m'maola pafupifupi anayi. Pamapu njirayi imaoneka yowongoka kuposa zinazo chifukwa imapita kumpoto kuyambira pachiyambi, komabe kawirikawiri pamafunika kusinthanso ndege mumzinda wina wa ku Ulaya monga Roma kapena Madrid, ndipo kumeneko ndi kumene viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo Portugal, imakayamba kufunsidwa. Maola amene munthu wapulumutsa pamsewu angathe kuthera pampando wa pabwalo la ndege.

Ine ndimaona kuti wokhala ku Tete kapena ku Moatize alibe chifukwa chosiyira njira ya ku Maputo pokhapokha mtengo wa tikiti utasiyana kwambiri. Asamale chinthu chimodzi: ngati tikiti ya LAM ndi ya TAP zagulidwa padera, ndege yoyamba ikachedwa kampani yachiwiri siikakamizika kumupatsa mpando wina, choncho ndi bwino kufika ku Maputo kudakali tsiku limodzi. Wa ku Angónia afunse mtengo wa njira ya ku Maputo ndi ya ku Lilongwe, awonjezerepo ndalama za galimoto ndi malo ogona, ndipo asankhe Lilongwe ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi.

Powerenga nthawi yofika yolembedwa pa tikiti, kumbukirani kuti Lisboa ali m'mbuyo mwa Mozambique ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi yotsalayo.