Kudya ku Ulónguè ndi mwana amene mtedza umamuwenga

Kwa zaka ziwiri tsopano, ulendo uliwonse wochoka kwathu ku Dómuè kupita ku Ulónguè ndimauyamba ndi kulongedza chakudya cha mwana wanga wamkazi wa zaka 5, chifukwa mtedza umamuwenga, ndipo kuno m'boma la Angónia, ku Mozambique, n'kovuta kupeza mphika wa ndiwo zamasamba umene sunalawe nsinjiro. Mwezi watha kambale kake tidakaiwala kunyumba, ndipo njala itamupweteka tidalowa m'malo ena odyera aang'ono kuseri kwa msika, kumene kumaphika mayi wina wachikulire ndi atsikana awiri. Tadyako katatu kuchokera tsikulo.

Ziwengo za mwanayu sizili zongoyabwa khungu ayi. Tsiku limene adadya futali koyamba sipadathe mphindi 20 milomo isanatupe, thupi lonse lidachita totupa tofiira, adasanza, kenaka adayamba kupuma mobanika ngati wodwala mphumu. Kuchipatala adamubaya jakisoni wa adrenalina (mankhwala a ziwengo zoopsa) pantchafu, ndipo namwino adatifotokozera kuti chitetezo cha m'thupi mwake chimaona zomanga thupi za mu mtedza ngati mdani, kotero kuti ngakhale kansinjiro kotsalira pa mthiko n'kokwanira kumudwalitsa. Adatiuzanso kuti vutoli n'losiyana ndi la chuku chimene chimagwira mtedza wosauma bwino, kuti kukazinga kapena kuwiritsa sikulichotsa, ndiponso kuti ana ambiri amene mkaka kapena mazira zimawawenga amadzasiya akamakula, pamene ziwengo za mtedza kawirikawiri munthu amakalamba nazo.

Ndi mantha amenewa ndidaima pakhomo la kukhitchini n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu mtedza umamuwenga, kodi alipo mphika umene mulibe nsinjiro?" Ndidazolowera kuyankhidwa kuti mwana tikumulera monyanyira, kapena kuti kochepa sikapha. Mayiwa sadatero. Adapukuta manja pa chitenje, n'kuvundukula mapoto onse limodzilimodzi ine ndikuona. "Nkhwani uyu ndi wotendera, bambo, asakhudze. Chigwada nachonso. Nyemba izi ndi za tomato ndi anyezi basi, koma dikirani ndichape chipande china, chifukwa ichi chalowa kale m'nkhwani." Mawu omalizawa ndi amene adandikhazika mtima pansi, popeza munthu amene waganiza za chipande asanauzidwe ndiye kuti nkhaniyi akuimvetsa.

Chakudya chenichenicho n'chabwino. Nsima ndi ya ufa woyera, yolimba bwino ndi yopanda zibuluma. Nyemba zofiira za konkuno amaziphika mpaka msuzi utakhuthala wokha, ndipo kapenta wochokera kunyanja ya Cahora Bassa amayamba amutsuka, choncho sakhala ndi mchenga kapena mchere wopitirira. Mbale ndi yodzadza, ndipo mtengo wake sukusiyana ndi wa m'malo ena ozungulira msika.

Chimene chidandikhudza kwambiri chidachitika ulendo wachitatu. Atationa tikutsika chapa (minibasi), mayiwa adapatula nkhwani pang'ono m'kapoto kena, n'kutendera ndi ufa wa nthanga za maungu zimene adati adasinja mu mtondo wa chimanga, osati wa mtedza. Mwana adanyambita mpaka zala, ndipo kadali koyamba kudya ndiwo zotendera kunja kwa nyumba yathu. Anthu ambiri sazindikira kuti kumudzi, kumene nyama imadyedwa mwa apo ndi apo, nsinjiro ndi imene imapatsa mwana mafuta ndi zomanga thupi tsiku ndi tsiku, m'phala la m'mawa ndi m'ndiwo za masana. Ukaichotsa osaika china m'malo mwake, mwana amatsala ndi nsima ndi masamba owiritsa, sikelo n'kuyamba kutsika. Choopsa china n'chakuti chiponde chimene amapereka kuchipatala kwa ana onyentchera, chija chotchedwa Plumpy'Nut, nachonso chimapangidwa ndi mtedza, choncho mwana ngati wanga sayenera kufika pamenepo n'komwe. N'chifukwa chake malo amene angamupatse nyemba, kapenta, dzira ndi nthanga mbale imodzi ndimawaona kuti akuchita zoposa kugulitsa chakudya.

Zofooka zilipo, ndipo sindizibisa. Chisamaliro chonsechi chili m'mutu mwa mayi mmodzi. Ulendo wachiwiri tidapeza atatuluka kukagula makala, ndipo mtsikana amene adatsala adatenga supuni imene adali atangopakulira chigwada n'kufuna kuiviika m'nyemba. Nditamuletsa adadabwa, n'kunena kuti waipukuta kale ndi kansalu. Sadachite mwadala, koma zikuonetsa kuti atsikanawa sadaphunzitsidwe mokwanira. Phala la m'mawa lonse amaliphika ndi nsinjiro mu mphika umodzi, kotero kuti nthawi ya kadzutsa palibe chimene mwana wanga angadye kupatula tiyi ndi mbatata yophika. Makolo amene ana awo nsomba zimawawenga adziwenso kuti tchipisi ta mbatatesi amakazingira m'chiwaya ndi mafuta omwewo amene akazingira nsomba. Utsi wa kukhitchini umalowa m'chipinda chodyera, ndipo tsiku la msika munthu amadikira nthawi yaitali.

Kwa banja limene lili ndi mwana wa ziwengo za mtedza, malowa ndingawavomereze pa chakudya cha masana chokha. Fikani nthawi isanakwane 12 koloko, mapoto asanasokonezedwe ndi zipande zambiri, ndipo mulankhule ndi mayi mwini wake, osati wina aliyense. Ngati kulibe, adikireni. Ife timapitabe ndi supuni yathu komanso khadi la kuchipatala la mwana m'thumba.