Tizipangizo tomata pa nsapato za ski: timaona miyendo, koma osati munthu yense

Ndagwiritsa ntchito tizipangizoti potsetsereka pa chipale m'mapiri nyengo yozizira yonse yapitayi, kambiri ku Glenshee kuno ku Scotland, komanso pa tchuthi ku Val Thorens ku France. Pa nyenyezi zisanu ndikutipatsa zinayi. Ngati munayamba kale kutsika phiri ma ski (timatabwa tiwiri tatitali totsetserekera pa chipale) ali mondondozana, mbali ndi mbali, ndipo mukufuna kudziwa zoona za kakhotedwe kanu, ndalama yanu sipita pachabe. Ngati mukungoyamba kumene, isungeni mukalipire mphunzitsi.

M'bokosi mumabwera tizipangizo tiwiri, kalikonse kokwana m'chikhatho. Mumamata kamodzi pa lamba wa nsapato iliyonse n'kutilumikiza ku foni kudzera pa Bluetooth, basi. Mkatimo muli accelerometer, yomwe imamva kukankhika ndi kugwedezeka kwa mwendo, ndi gyroscope, yomwe imamva kupendekeka ndi kuzungulira kwa nsapato. Munthu akamakhota, nsapato zonse zimapendekera mbali imodzi. Akafuna kukhotera kwina, zimadzuka kaye n'kugwera mbali inayo. Pamene zadzukapo m'pamene pulogalamu ya m'foni imalemba malire, kuti kukhota uku kwathera apa, kwina kwayambira apa. Kenako imayerekeza kukhota kulikonse ndi zitsanzo zambirimbiri zomwe inaphunzitsidwa nazo. Si zokometsera malonda chabe: mu 2020 ofufuza a ku Salzburg ku Austria anafalitsa m'magazini ya Sensors zomwe anapeza, zoti tizipangizo totere pa nsapato, pamodzi ndi zoyezera malo ndi liwiro za pa setilaiti, tingathe kusiyanitsa snowplough, drifting ndi carving.

Snowplough ndi ija tonse timayambira, nsonga za ma ski zitayandikana kutsogolo, kumbuyo zitatayana. Imeneyo ngakhale mwana amaizindikira ndi maso. Povuta ndi pa ziwiri zinazo. Pa drifting ma ski amakhala mondondozana koma kumbuyo kwake kumakhuluzika cham'mbali, chipale n'kumawazika. Pa carving chitsulo cha m'mphepete mwa ski chimaluma chipale n'kudula njira yokhota popanda kukhuluza. Vuto lake, ukakhala pa ma ski wekha, zonse ziwiri zimakoma mofanana, ndipo anzako pansi pa phiri amangokuwombera m'manja. Apa m'pamene ndinaona phindu la ndalama yanga. Kachipangizoka sikanyengerera munthu.

Kwa ine kanaonetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza: ndikakhotera kumanzere nsapato zimapendekeka bwino ndithu, ndikakhotera kumanja zimachedwa kugwa ndipo kumapeto ndimakhuluza. Pokhotera kumanja, mwendo wosenza thupi ndi wamanzere, ndiye nkhani inali pa mwendo umenewo. Kuti nditsimikize, m'mawa wina ku Val Thorens, njira itangosalazidwa kumene ndi makina, ndinatsika pang'ono n'kuima kuyang'ana m'mbuyo. Mokhotera kumanzere munali timizere tiwiri tating'ono tooneka bwino ngati tojambula ndi mpeni. Mokhotera kumanja munali chimkwasa chotambalala. Foni ndi chipale zinanena chimodzimodzi.

Chinanso chomwe ndachikonda ndi mawu a m'khutu. Ukakwera mpando wopita pamwamba, zala zili gwa ndi chisanu, sufunika kuvula magolovesi kuti uone foni. Mawu amakuuza mmene watsikira ndi chimodzi choti ukonze ulendo wotsatira. Chimodzi chokha, osati mndandanda, ndipo opanga ake anaganiza bwino pamenepo chifukwa pa liwiro mutu sugwira zambiri. Pulogalamuyi imaonetsanso madigiri a kupendekeka kwa ski. Akatswiri a mipikisano ya dziko lonse amapitirira madigiri 60. Ife a Loweruka ndi Lamlungu tili kutali, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Nyenyezi yachisanu yatsalira pa zifukwa izi. Tizipangizoti timasangalala ndi njira yosalala, yotakata, yopanda anthu ambiri. Ku Scotland zoterozo ndi zamwayi: lero chipale chauma ngati mwala, mawa chasungunuka, mphepo ikukankha cham'mbali, pena udzu ukusuzumira. Pamalo oterowo munthu wanzeru amakhuluza dala kuti achepetse liwiro, ndipo kumeneko ndiko kutsika bwino. Koma madzulo ukaona foni, mapointi omwe pulogalamu imakupatsa atsika ngati kuti tsiku lonse umangosewera. Pa timilu ta chipale tomwe timapangika njira ikapondedwa kwambiri, nthawi zina chiwerengero cha makhotedwe sichinkagwirizana ndi zomwe ndinachita.

Chachikulu n'chakuti kachipangizo kali pa nsapato, ndiye kamadziwa za nsapato. Kanandiuza kuti mwendo wamanzere ukuchedwa, koma chifukwa chake anachiona ndi mphunzitsi wina yemwe ananditsatira m'mbuyo: pokhotera kumanja ndimatembenuza mapewa kaye, chiuno n'kutsalira, mwendo n'kusowa poluma. Mapewa, manja, chiuno, kumene maso akuyang'ana, zonsezo kachipangizo sikaziona. Titakonza mapewawo, manambala a kumanja anayamba kukwera okha, ndipo pamenepo foni inagwira ntchito yabwino yotsimikiza kuti zikusinthadi. Choncho kwa ine ziwirizi zimayendera limodzi.

Ndikuchenjezeniko za mapointi. Amakoka mtima. Mumayamba kufuna kuposa a dzulo, n'kumadula njira yonse kuchoka mbali ina kufika ina, kuiwala kuti pali ana asukulu akuphunzira kutsogolo. Malamulo 10 a FIS, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, amati wochokera kumtunda ndiye ayenera kusankha njira yosaika pangozi amene ali kutsogolo kwake. Pulogalamu sidziwa kuti kutsogolo kuli munthu. Ine ndimavala chomvera khutu limodzi lokha, linalo limve za m'mbali.

Batire la tizipangizoto limatha tsiku bwinobwino. Lofooka ndi la foni, chifukwa chisanu chimadya batire, ndipo GPS ndi Bluetooth zili ndu tsiku lonse. Val Thorens ili pamtunda wa mamita 2,300, ndiye kuzizira kwake si kwamasewera. Ikani foni m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, ndipo nyamulani pawabanki. Dziwaninso musanagule kuti pulogalamuyo imalipiridwa chaka ndi chaka, pomwe ambiri a ife pa chipale timapondapo masiku owerengeka. Werengerani masiku anu kaye. Ine ndilipiranso chaka chino chifukwa mbali ya kumanja ija sinathe kuwongoka.